Magazi akamangotha: njira zimene banja limasankhapo pa matenda a aplastic anaemia

Mwana wa achemwali anga anayamba ndi befu. Ku mjigo kumene ankapita chothamanga ndowa ili pamutu, anayamba kupumira kawiri panjira. Kenako mswachi unkatuluka m'kamwa uli wofiira, ndipo m'miyendo munabuka timadontho ngati walumidwa ndi utitiri. Amayi ake atamukoka chikope, m'maso munali mbee. Tonse tinati ndi kuchepa kwa magazi, matenda amene aliyense kuno ku Mulanje amawadziwa ndipo amadziwanso mankhwala ake. Tinawiritsa masamba a mapeyala, tinafuna chidede, bonongwe sankasowa pa mbale yake, mapiritsi a ayironi ankamwa osadumphitsa. Kuchipatala anamuwonjezera mapainti awiri, mtsikana anabwerako akuseka, zikhatho zili psuu. Patangotha masabata asanu tinali pa benchi lomwe lija.

Ulendo wachitatu ndi pamene dokotala wina anayang'anitsitsa pepala la ku labu n'kundiitanira pambali. "Bambo, inu ndinu malume ake? Taonani apa. Sikuti atsika ndi maselo ofiira okha ayi. Zatsika zonse zitatu." Anatilembera kalata yopita ku Queens, ku Blantyre, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba dzina loti aplastic anaemia.

Ndalemba izi chifukwa miyezi imene tinataya tikuwiritsa masamba imandiwawa mpaka lero, komanso chifukwa njira zothandizira matendawa sizili ngati ndiwo pamsika zoti ungatole iliyonse. Ina imagula nthawi, ina imachiza, ndipo ina ukaiyamba molakwika imatseka khomo la inzake.

Munda wa magazi

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, nthiti ndi fupa la pachifuwa. Amene anagwirako ntchito pa nazale ya tiyi amvetsa msanga: m'mafutamo muli maselo ochepa amene ali ngati mbande, ndipo kwa iwo n'kumene kumachokera maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera amene timawatcha asilikali a m'thupi, ndi timaselo toumitsa magazi pabala, mapulateleti. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Mapulateleti amakhala masiku 7 mpaka 10. Asilikali amene amalimbana ndi mabakiteriya, ma neutrophil, sakhalitsa n'komwe, tsiku limodzi n'lambiri. Nazale ikafa, thupi silingabise kwa nthawi yaitali.

Mwa odwala ambiri, chimene chimapha mbandezo ndi chitetezo cha m'thupi cha munthu mwiniyo, chimene chimasokonekera n'kuyamba kuukira kwawo. Nthawi zambiri choyambitsa sichipezeka. Kwa ena zimabwera atadwala chiwindi, kwa ena chifukwa cha benzene amene ali mu petulo (amene mumapopa petulo ndi pakamwa kapena kusamba nayo m'manja mukachoka pa injini, mveni), mankhwala ena opopera mbewu, kapena mankhwala ngati chloramphenicol, ngakhale izi zimagwera munthu mmodzi mwa anthu masauzande ambirimbiri amene amwa. Ana ena amabadwa nawo, monga mtundu wotchedwa Fanconi anaemia. Dokotala wa ku Germany, Paul Ehrlich, ndiye anawafotokoza koyamba mu 1888, ndipo ku Ulaya amagwira anthu pafupifupi awiri pa miliyoni iliyonse pachaka. Si khansa, ndipo sapatsirana. Kudyera naye mbale imodzi wodwalayo kulibe vuto.

Pali mawu amene anamveka pamudzi pathu amene sindingawalumphe. Munthu akawonjezeredwa magazi lero, mwezi wamawa atheratu, anthu amafunsa kuti akupita kuti. Ife a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo tikukumbukira 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa. Palibe amene amapopa magazi a mwana wathu. Magazi obwereka amakalamba n'kufa monga amachitira magazi onse, ndipo m'fupa mulibe olowa m'malo. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Musanasankhe njira, dziwani matenda

Kuno zinthu zotsitsa magazi n'zambiri ndipo pafupifupi zonse n'zofala kuposa aplastic anaemia: malungo, njoka za m'mimba, likodzo, HIV, TB yofalikira m'thupi, kusowa kwa vitamini B12, kapamba wotupa, khansa ya m'magazi, ngakhalenso mankhwala ena monga AZT ndi Bactrim. N'chifukwa chake dokotala wa ku Mulanje District Hospital, Mulanje Mission, Thyolo kapena Malamulo amayamba wayeza zimenezi, ndipo akulondola. Chimene gadiyani angapemphe n'choti asayeze Hb (mulingo wa magazi ofiira) yekha koma full blood count, imene imaonetsa mitundu yonse itatu. Zikatsika zonse popanda chifukwa chooneka, pamafunika kutenga kachidutswa ka mafuta a m'fupa. Amabaya dzanzi kumbuyo kwa chiuno, n'kulowetsa singano yokulirapo. Mtsikana wathu anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kusiya zizindikiro, koma pasanathe theka la ola anali atamaliza. Pa makina oonera tinthu tating'ono, pamene payenera kukhala maselo ambirimbiri pamangooneka mafuta okhaokha.

Funsaninso kuti matendawo afika pati, chifukwa njira zonse zimadalira yankho limeneli. Madokotala amati ndi aakulu ngati m'fupa mwatsala maselo osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiponso ziwiri mwa izi zilipo: ma neutrophil osakwana 500, mapulateleti osakwana 20,000 (munthu wabwinobwino amakhala ndi 150,000 kupita m'tsogolo), ndi maselo ofiira atsopano ochepa kwambiri. Amene sanafike pamenepa nthawi zina amangowayeza pafupipafupi osawapatsa mankhwala amphamvu.

Zakudya, ayironi ndi zitsamba

Apa sindichedwapo. Ayironi ndi feteleza. Mukathira feteleza pa nazale imene mbande zake zafa, simumera kanthu. Wodwala adye bwino, inde, chakudya chophikidwa n'kupsa ndi madzi owiritsa, koma chidede sichingadzutse fupa. Choopsa n'chakuti amene akulandira magazi pafupipafupi amakhala kale ndi ayironi wochuluka, ndiye mapiritsi amangowonjezera katundu. Ndipo pa za kwa asing'anga ndikupemphani ndi mtima wonse: musalole kutema mphini. Munthu wopanda mapulateleti magazi sauma, ndipo wopanda asilikali kabala ka lezala kangathe kumutengera ku manda. Kuzula dzino ndi mdulidwe nazonso zidikire mpaka dokotala wake avomere.

Kuwonjezera magazi

Iyi ndiyo njira imene wodwala aliyense amayambira, ndipo popanda iyo zinazo sizingatheke. Ili pafupi, m'zipatala za boma ndi yaulere, ndipo zotsatira zake zimaoneka tsiku lomwelo. Koma ili ngati kugula ufa pamsika pamene munda sunabereke: mumadya lero, mwezi wamawa mubwereranso.

Magazi ambiri a m'zipatala zathu amachokera ku Malawi Blood Transfusion Service, imene imadalira kwambiri ophunzira a m'masukulu, motero sukulu zikatsekera magazi amachepa, ndipo nyengo ya dzinja ana odwala malungo amawafunanso kwambiri. Maselo ofiira amasungika mu firiji kupitirira mwezi. Mapulateleti ayi: amasungika masiku asanu okha, osati mu firiji, ndipo amafunika makina owagwedeza usana ndi usiku. N'chifukwa chake kuwapeza n'kosavuta ukakhala pafupi ndi Blantyre kusiyana ndi ku Muloza kapena ku Thekerani. Banja liganizire zimenezi msanga. Ife tinapempha achibale a ku Bangwe kuti mtsikana azikhala kumeneko masiku amene mapulateleti ake atsikitsitsa, chifukwa kamfuno wosaleka pakati pa usiku sadikira minibasi ya m'mawa.

Painti iliyonse imasiya ayironi wokwana mamiligalamu 200 kapena kuposerapo m'thupi, ndipo thupi lilibe njira yomutulutsira. Akafika mapainti 20 kupita m'tsogolo, ayironiyo amayamba kuunjikana m'chiwindi ndi mu mtima, ndipo pamafunika mankhwala omuchotsa monga deferasirox. Vuto lina n'loti thupi likalandira magazi a anthu ambiri limaphunzira kuwakana, mapulateleti obwereka n'kusiya kugwira ntchito.

Tsopano mfundo imene ndikanakonda wina akanatiuza tsiku loyamba. Mwambo wathu ndi woti m'bale akasowa magazi, abale amapinda malaya. Mchimwene wake wa mtsikanayu anali atafika kale pa khomo la labu pamene dokotala anamubweza. Ngati pali chiyembekezo choti wodwala adzalandira mafuta a m'fupa kuchokera kwa m'bale wake, asalandire magazi a m'baleyo kapena a wachibale aliyense, chifukwa thupi lake lidzawazindikira n'kudzakana mafutawo pa tsiku lofunika. Abale apereke magazi ndithu, athandize ena mu banki ya magazi, koma a wodwala wanu achokere kwa mlendo.

Ndipo magazi obwereka sabweretsa asilikali. Chimene chimatenga odwala ambiri ndi matenda olowa m'thupi lopanda chitetezo. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kakafika 38, musamwetse Panado n'kugona, nyamukani nthawi yomweyo, ndipo mukafika nenani pakhomo pomwe kuti wodwalayu ali ndi aplastic anaemia, kuti alandire mankhwala opha mabakiteriya a pa mtsempha mwamsanga. Aspirin, Brufen ndi diclofenac asamwe. Jakisoni wa pathako apewedwe. Agone mu neti usiku uliwonse. Kwa atsikana, msambo umatha kutaya magazi ochuluka zedi, ndipo pali mapiritsi ouimitsa kaye, monga norethisterone, komanso tranexamic acid wochepetsa kutaya magazi. Achemwali anga ankachita manyazi kufunsa zimenezi pamaso panga, ndiye ndinkatuluka kuti alankhule ndi anesi momasuka.

Ndinene zoona ngakhale zikupweteka: pa matenda aakulu, njira imeneyi payokha siifikitsa ambiri patali. Ambiri amene sanalandire china choposa magazi sapitirira chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kugonetsa chitetezo chimene chapanduka

Popeza mbande zikuphedwa ndi chitetezo cha m'thupi, nzeru ya njira iyi ndi kuchigonetsa kuti mbande zotsala ziphukenso. Mankhwala ake enieni ndi awiri ophatikiza. Oyamba ndi ATG, opangidwa kuchokera m'magazi a hatchi kapena a kalulu, amene amaperekedwa pa diripi m'chipatala masiku anayi kapena asanu. Achiwiri ndi ciclosporin, makapisozi akumwa kawiri patsiku kwa miyezi yambiri, kawirikawiri kupitirira chaka, n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Akaphatikizidwa, odwala pafupifupi awiri mwa atatu alionse magazi awo amakwera mpaka kusiya kuwonjezeredwa. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2011 anaonetsa kuti poyambira, ATG wa hatchi amaposa wa kalulu: 68 pa 100 alionse anathandizika pa miyezi isanu ndi umodzi, pamene wa kalulu anathandiza 37. Masiku ano amawonjezerapo eltrombopag, piritsi lolimbikitsa mbandezo kuti zichulukane, ndipo limakweza chiwerengero cha othandizika.

Ubwino wake ndi woti sipafunika m'bale wofanana naye, ndiponso anthu achikulire amene sangapirire njira ya kuika mafuta atsopano amaitha. Kuipa kwake kulipo kungapo. Zotsatira zimachedwa, miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo nthawi yonseyo wodwala akufunabe magazi ndi mapulateleti, makamaka masiku a diripi. ATG amatha kuyambitsa kutentha thupi, zidzolo ndi kuphwanya kwa mfundo patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Mwa amene athandizika, pafupifupi mmodzi mwa atatu matenda amabwerera, makamaka akasiya ciclosporin mwadzidzidzi, ndipo ochepa amadzadwala matenda ena a m'fupa patapita zaka. Koma chopinga chachikulu kwa ife ndi mtengo. ATG ndi eltrombopag ndi okwera mtengo kwambiri ndipo sapezeka wamba m'maiko ambiri a kuno ku Africa.

N'chifukwa chake madokotala a m'maiko ngati lathu nthawi zambiri amayesa ciclosporin yekha. Amathandiza anthu ochepa poyerekeza ndi ophatikiza aja, makamaka amene matenda awo sanakule kwambiri, koma si kungotaya ndalama ayi. Amafuna kuyeza impso ndi BP pafupipafupi, amatupitsa nkhama, amameretsa ubweya kumaso ndi m'mikono. Mtsikana wa Fomu 3 zimenezi sazitenga mopepuka. Tsiku lina anandifunsa ali chozolika, "Amalume, kodi ubweyawu udzachoka?" Umachoka mankhwala akatha, ndinamuyankha choncho, koma ndinaona kuti kwa iye miyezi imeneyo ndi yaitali kuposa mmene ine ndimaiwerengera. Amene akumwa ciclosporin asadye manyumwa, ndipo ngati ayamba mankhwala a TB auze dokotala, chifukwa rifampicin amachepetsa mphamvu yake m'magazi. Ndipo musayambe ngati banja silinakhale pansi n'kuona kuti likwanitsa kugula mwezi ndi mwezi. Kumwa mwezi umodzi, kudumpha wina, n'kuwononga impso popanda phindu.

Palinso mankhwala akale a mahomoni aamuna, oxymetholone ndi danazol. Mtengo wake ndi wotsikirapo ndipo ena amawathandiza, makamaka a mtundu wobadwa nawo ndi amene matenda awo ndi apakatikati. Amalemetsa chiwindi, ndipo oxymetholone amakulitsa mawu ndi kumeretsa ndevu kwa akazi, mawuwo nthawi zina osabwereranso. Ine ndimawaona ngati njira yogwirizira pamene zazikuluzo zakanika, osati yoyambira ngati pali mwayi wina.

Mbande zatsopano

Njira imene imachiziratu ndi kuika mafuta a m'fupa a munthu wina. Ambiri akamva amaganiza za opaleshoni yong'amba mafupa, koma sizitero. Wopereka amamugoneka, n'kukoka mafuta ndi singano kumbuyo kwa chiuno, ndipo ake amabwerera m'masabata ochepa. Wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu ogonetsa chitetezo chake, kenako mafutawo amalowa pa diripi ngati magazi, maselo n'kupeza okha njira ya kufupa. Pakatha masabata awiri mpaka anayi amayamba kupanga magazi. Kwa ana ndi achinyamata amene alandira kuchokera kwa m'bale wofanana nawo, oposa asanu ndi atatu mwa khumi alionse amachira n'kukhala moyo wautali. N'chifukwa chake kwa wodwala wosakwana zaka 40, wa matenda aakulu, amene ali ndi m'bale wotere, iyi ndiyo njira yoyamba, ndipo imayenda bwino ikachitika msanga, asanalandire magazi ochuluka.

Kufanana kumene akunena si kwa gulu la magazi, A kapena O, koma kwa zizindikiro za maselo zotchedwa HLA. M'bale aliyense wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wofanana ndi wodwala. Apa mabanja athu akuluakulu ndi dalitso, koma muwerenge bwino. Titakhala pa khonde kuwerenga ana a achemwali, tinapeza asanu pamodzi ndi wodwalayo, kenako agogo awo anatikumbutsa motsitsa mawu kuti awiri oyambawo bambo awo ndi ena. Kwathu kuno onsewo ndi a mbumba imodzi, palibe amene amawasiyanitsa, koma fupa limawerengera mbali zonse ziwiri. Tinatsala ndi awiri. Pamene palibe wofanana kwathunthu, zipatala zina tsopano zimagwiritsa ntchito kholo kapena m'bale wofanana theka, ndipo zotsatira zake zakhala zikupita patsogolo. Kufuna mlendo wofanana m'kaundula wa opereka n'kovuta kwa ife, chifukwa anthu akuda olembetsa m'makaundula amenewa ndi ochepa.

Zoopsa zake si zazing'ono. Masabata oyamba wodwala amakhala wopanda chitetezo chilichonse, m'chipinda chayekha. Thupi likhoza kukana mafutawo, kapena maselo atsopanowo akhoza kuukira khungu, matumbo ndi chiwindi cha wodwala. Ena samabwerako. Ndipo chithandizochi anthu a ku Malawi amakachipeza kunja, makamaka ku India ndi ku South Africa, kumene wodwala, wopereka ndi gadiyani amakhala miyezi ingapo. Ndalama zake banja lotchola tiyi kapena la mphunzitsi ngati ine silingazipeze pogulitsa mbuzi ndi munda. Njira imene ilipo ndi ya Unduna wa Zaumoyo yotumiza odwala kunja, imene imayambira pa kalata ya dokotala wamkulu wa chipatala chachikulu, ndipo ofuna thandizoli ndi ambiri. Ndiye funso limeneli lifunsidwe sabata yoyamba, osati wodwala atalandira kale mapainti 30. Mufunsenso za mankhwala ndi kuyezetsa kwa chaka chotsatira akabwerako, chifukwa ulendo suthera pa bwalo la ndege la Chileka.

Ine ndikanakhala woyamba lero, ndikanachita motere: magazi a mlendo ndi kupewa matenda kuyambira tsiku loyamba, kupempha kuyeza abale ndi kalata ya kunja nthawi yomweyo ngati wodwala ndi wachinyamata, ndi kuyamba mankhwala ogonetsa chitetezo amene angapezeke poyembekezera. Kwa wachikulire, mankhwala ndiwo njira, osati ulendo wakunja. Ndipo banja limene njira zazikuluzi zalikanika silinalephere, ndiponso silinathe thandizo. Ku Queens kuli Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana, kumene amathandiza kuchepetsa ululu ndi kulimbikitsa banja pa matenda osachiritsika, ndipo kupita kumeneko sikuletsa wodwala kupitiriza kulandira magazi.

Mtsikana wathu ali pa mwezi wachinayi wa ciclosporin amene banja limasonkherana. Poyamba ankawonjezeredwa magazi masabata anayi alionse, ulendo wapitawu anafika asanu ndi awiri. Dokotala akuti n'kumayambiriro kuti tinene kanthu. M'buku lake la kuchipatala, tsamba lakumapeto, achemwali amalemba tsiku ndi nambala ya painti iliyonse, ndipo pano afika pa 11. Lachiwiri likudzali tikwera minibasi ya m'bandakucha pa Chitakale, ndipo ang'ono ake awiri aja tipita nawo kuti dokotala akawaone.